George Washington Carver, mphunzitsi amene adatola labotale kudzala

Ndili Fomu 3 tidaphunzira za kutcheza madzi, ndiye kuti kuwiritsa madzi a mchere kapena a litsiro kuti nthunzi yake ikazizira isanduke madzi oyera. Aphunzitsi adajambula zipangizo zonse pabolodi, ife n'kukopera m'makope, kuloweza, tsiku la mayeso n'kukalavula zonse momwe tidazimezera. Ndidakhoza bwino zedi, koma chipangizo chenichenicho sindidachigwirepo n'kamodzi komwe. Patapita zaka ndidaima kuseri kwa nyumba ina m'tauni muno n'kuona mayi akutcheza kachasu ndi mphika, paipi ndi madzi ozizira. Pamenepo mpamene ndidazindikira kuti chojambula chathu chija n'chomwechi basi. Mayiyo ankadziwa chimene chimachitika moto ukachuluka kapena madzi oziziritsira akafunda, pamene ine wa setifiketi ndinkangodziwa maina achingerezi.

Manyazi a tsiku limenelo ndi amene andichititsa kuti lero ndikufotokozereni mbiri ya munthu wina wakuda wa ku America, George Washington Carver, amene adamwalira mu 1943. Ambiri amene adamvapo za iye amangomudziwa ngati bambo wa mtedza. Ine ndikufuna timuone ngati mphunzitsi, chifukwa ndi pamene pagona phindu lake kwa ife.

Carver adabadwa ali kapolo cha m'ma 1864 pa famu ya mzungu wina dzina lake Moses Carver, kufupi ndi Diamond m'chigawo cha Missouri. Nthawi imeneyo ku America kudali nkhondo ya pachiweniweni, ndipo akadali khanda zigawenga zidamuba pamodzi ndi mayi wake Mary. Moses adatuma munthu kuti akawalondole, koma adangopezako mwana yekhayo, mayiyo osadzaonekanso. Ukapolo utatha mu 1865, Moses ndi mkazi wake Susan adalera George ndi mkulu wake James pakhomo pawo. George adali wodwaladwala, ndiye ntchito zolemetsa za kumunda adamupatula, n'kumathandiza Susan kuphika, kuchapa ndi kusoka. Nthawi yotsala ankaithera m'tchire, kuzula timitengo, kutidzala pakadimba kake kobisika, n'kumaona kuti kamene kafota kafota chifukwa chiyani. Posakhalitsa anthu oyandikana nawo adayamba kumubweretsera maluwa awo odwala, mpaka adamutcha sing'anga wa mbewu.

Sukulu ya pafupi siinkalandira ana akuda. Tsono ali ndi zaka pafupifupi 12 adanyamuka wapansi kupita ku Neosho, mtunda wa makilomita oposa 10, komwe kudali sukulu ya anthu akuda, ndipo adasungidwa ndi mzamba wina, Mariah Watkins. Kuchokera apo moyo wake udali woyendayenda m'matauni a chigawo cha Kansas, kugwira ganyu yophika ndi yochapa zovala za anthu, akapeza kangachepe n'kubwerera m'kalasi. Mu 1879 ku Fort Scott adaona ndi maso ake gulu la azungu likupha munthu wakuda poyera, ndipo adathawamo m'tauniyo. Atamaliza sekondale, koleji ina ya ku Highland idamulembera kalata yomulandira, koma atafika n'kuona khungu lake, akuluakulu a kolejiyo adamubweza pakhomo. Inu amene mudaitanidwapo kuntchito kenaka n'kuuzidwa kuti malo adzadza pamene atenga mphwake wa bwana, mukudziwa momwe mtima umawawira.

Tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Mu 1890, ali kale bambo wa zaka zoposa 25, adalowa Simpson College ku Iowa kukaphunzira zojambula ndi piyano, fizi n'kumalipira ndi ndalama zochapira zovala za ophunzira anzake. Mphunzitsi wake wa zojambula, Etta Budd, ataona momwe ankajambulira maluwa mosaphonya ngakhale mtsempha wa tsamba, adamulangiza kuti akaphunzire za zomera ku koleji ya zaulimi ya Iowa State ku Ames. Adalowa kumeneko mu 1891 ngati wophunzira wakuda woyamba, adatenga digiri yoyamba mu 1894 ndi yachiwiri mu 1896, akugwira ntchito ndi Pulofesa Louis Pammel pa matenda a mbewu.

Kanthu kena kakang'ono ka ku Ames kakutionetsa kale mtundu wa mphunzitsi amene adali. Popita kutchire kukatola zomera ankatengana ndi kamwana ka mmodzi mwa aphunzitsi ake, ka zaka ngati 6, n'kumakaonetsa tiziwalo ta maluwa a udzu ndi momwe mbewu zimaberekerana. Kamwanako kadali Henry A. Wallace, amene mu 1926 adadzayambitsa kampani ya mbewu ya chimanga cha haibulidi, n'kudzakhala nduna ya zamalimidwe, kenaka wachiwiri kwa pulezidenti wa America kuyambira 1941 mpaka 1945. Wallace mwiniyo atakula sankabisa kuti chidwi chake pa zomera chidakula m'maulendo amenewo.

Mu 1896 Booker T. Washington, mkulu wa sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee ku Alabama, adamuitana kuti akatsogolere nthambi ya zaulimi. Carver akadatha kukhala ku Iowa komwe kudali zipangizo ndi ulemu, koma adavomera, ndipo adakhala ku Tuskegee zaka 47 mpaka imfa yake. Zimene adapeza kumeneko mphunzitsi aliyense wa sekondale yoyendera ya kumudzi angazizindikire. Nthambi ya zaulimi idalipo ndi dzina lokha, ophunzira adali ochepa, labotale kudalibe, ndalama zogulira zipangizo kudalibenso. Chida chenicheni chimene adali nacho ndi makina oonera tinthu ting'onoting'ono amene anzake a ku Iowa adamupatsa potsazikana.

Mmalo mokhala pansi kudikira kuti akuluakulu adzagule, adatenga ophunzira ake n'kupita nawo kudzala. Adatola mabotolo, zitini, mawaya, zivundikiro ndi mapoto otayidwa. Botolo la inki adaliika chingwe n'kukhala nyale yotenthetsera, kapu yolimba idakhala kamtondo kosinjiramo, zitini zobooledwa ndi msomali zidakhala sefa yosefera dothi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, adatero akale. Ndipo taonani phindu lina lobisika: mwana amene wapanga yekha chipangizo amadziwa ntchito ya chiwalo chilichonse, saopa kuchigwira, chikathyoka amakonzanso. Si zija zoti bokosi la zipangizo likafika pasukulu limakakhomedwa mu ofesi ya ahedi kuopa kuti ana angaswe, mpaka mankhwala ake kuuma osatsegulidwa.

Kaphunzitsidwe kake kadali kachilendo nthawi imeneyo. Iye mwini ankadzuka m'ma 4 koloko m'bandakucha kukayenda m'tchire, pobwera atanyamula masamba odwala, bowa, tizilombo ndi dothi la mitundumitundu, ndipo zimenezo ndizo zinkakhala phunziro la tsikulo. Sankakonda kugawa maphunziro m'timagawo toti uku n'kwa zomera, uku n'kwa mankhwala, uku n'kwa nthaka. Ankatenga mbewu imodzi, tinene khobwe, ophunzira n'kuitsata kuyambira pa dothi limene yameramo, tizilombo timene timaidya, chakudya chimene ili nacho, mpaka pa mphika ndi pa msika. Wophunzira akafunsa funso, kawirikawiri ankabwezeredwa kuti apite akaone yekha, adzanene chimene wapeza. Mu 1910 adalembanso kabuku kothandiza aphunzitsi a sukulu za kumudzi kuyambitsa timadimba ta sukulu ndi kuphunzitsa ana za chilengedwe panja pa kalasi.

Vuto lalikulu la dera la Tuskegee lidali nthaka. Alimi akuda ambiri adali matenanti pa minda ya azungu, ndipo chaka ndi chaka ankakakamizika kudzala thonje lokhalokha chifukwa ndilo mwini munda ndi wasitolo wowakongoza ankafuna. Nthaka idaguga, mvula n'kumakokolola, zigwembe ponseponse, ngongole osatha. Feteleza wa m'sitolo sakadamukwanitsa. Mu 1897 boma la Alabama lidakhazikitsa munda wa kafukufuku pa Tuskegee, Carver n'kukhala woyang'anira. Iye ndi ophunzira ake adagawa mundawo m'timagawo: apa athira manyowa a masamba owola ndi matope a kudambo, apa adzala khobwe n'kumukwirira, apa asiya chomwecho. Pokolola ankayeza pasikelo n'kulemba. Wophunzira sankafunikanso kukhulupirira mawu a mphunzitsi, chifukwa yankho ankalisenza yekha m'thumba.

Chinsinsi cha khobwe, mtedza, nandolo ndi soya n'choti ku mizu yake kumakhala timatuza momwe mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mu mpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Nayitirojeniyo ndi yemwe timamulipira ndalama zankhaninkhani tikamagula thumba la yureya. Carver sindiye adatulukira zimenezi, akatswiri a ku Germany adali atazifotokoza kale m'ma 1880. Ntchito yake idali kuzichotsa m'mabuku n'kuziika m'manja mwa munthu wosauka. Nanunso mungayese chaka chino: zulani phata la mtedza ukamachita maluwa, tsukani mizu, dulani kathuza kamodzi ndi lezala. Mukapeza m'kati muli mofiirira, dziwani kuti fakitale ya feteleza ikugwira ntchito. Phunziro limenelo mtengo wake ndi lezala imodzi.

Adaonanso kuti alimi ambiri sangabwere kusukulu, kaya chifukwa cha mtunda, kaya manyazi, kaya mwini munda wawakaniza. Tsono sukulu ndiyo idanyamuka kuwatsata. Poyamba ankangokweza zida pangolo Loweruka ndi Lamulungu n'kukaima pa matchalitchi. Mu 1906, ndi thandizo la ndalama la Morris K. Jesup wa ku New York, adakonza ngolo yapadera yonyamula mapulawo, mbewu, zida zopangira bata ndi zina, imene idatchedwa ngolo ya Jesup. Woyenda nayo adali wophunzira wa pa Tuskegee pomwepo, Thomas Monroe Campbell, amene chaka chomwecho adakhala mlangizi wa zaulimi wakuda woyamba wolembedwa ndi boma la America. Ngoloyo inkaima pakhomo pa mlimi, anansi n'kusonkhana, ntchito n'kuchitikira m'munda mwa mlimiyo ndi manja a mlimiyo. Carver adalembanso timabuku 44 m'chingerezi chosavuta, tonena za kulima komanso kuphika ndi kusunga mbatata, khobwe, tomato ndi mtedza, kuti banja lidye za m'munda mwake mmalo mokongola kusitolo.

Kutchuka kudabwera mochedwa. Kachilombo koboola thonje katalowa mu Alabama cha m'ma 1910, alimi ambiri adatembenukira ku mtedza, ndipo mu 1916 Carver adatulutsa kabuku ka njira 105 zokonzera mtedza kuti ukhale chakudya. Mu 1921 alimi a mtedza adamutuma kukalankhula ku komiti ya nyumba ya malamulo ku Washington, kupempha msonkho pa mtedza wochokera kunja. Adamupatsa mphindi 10 zokha, aphungu ena akumuseka. Iye adangotsegula bokosi lake n'kuyamba kuyala patebulo zimene adapanga kuchokera ku mtedza, chimodzichimodzi, akufotokoza. Aphungu aja adamuonjezera nthawi kangapo, ndipo msonkhowo udalowa m'lamulo la 1922. Ngakhale pamaso pa andale, njira yake idali yomweyo ya m'kalasi, yoonetsa chinthu kuti munthu aone yekha. Inu a geni mukuidziwa bwino: kasitomala sagula wailesi imene simudaiyatse.

Tsono pano ndinene zimene okonda kutamanda amazilumpha, pakuti mbiri yonena zabwino zokhazokha ndi ya pamaliro. Carver sadatulukire chiponde monga ambiri amanenera. Munthu wina wa ku Canada, Marcellus Edson, adali atalembetsa kale njira yopera mtedza motero mu 1884, ndipo kusinja mtedza mumtondo sikudadikire katswiri. Pa zinthu mazana zimene amati adapanga kuchokera ku mtedza ndi mbatata, zambiri zidali njira zophikira kapena zinthu zodziwika kale, adalembetsa umwini wa zitatu zokha, ndipo palibe chimene chidayenda malonda kwenikweni. Sankalemba mwadongosolo zimene ankachita mu labotale, kotero ena sakadatha kubwereza ntchito yake, pamene sayansi imafuna kuti mnzako athe kuyesa zomwe wanena. M'ma 1930 ankasisita odwala poliyo ndi mafuta a mtedza, koma padalibe umboni woti mafutawo amachiza. Pa ntchito ya mu ofesi adali wosalongosoka, ankakangana ndi Washington kawirikawiri, n'kumaopseza kuti asiya ntchito. Ophunzira athu atengepo phunziro apa: manja okha sakwanira, pafunikanso kope ndi pensulo.

Chinanso chowawa n'choti alimi amene ankawafera aja ambiri sadatukuke. Tenanti angathire bwanji manyowa m'munda umene chaka chamawa mwini wake angamuchotsemo, kapena kumukwezera lendi poona kuti wayamba kubereka? Malamulo a tsankho adawalanda voti, makhothi sadali awo, ndipo miyandamiyanda adangolongedza kupita kumizinda ya kumpoto. Sayansi ya Carver idali yoona, koma sikadatha kukonza nkhani ya malo ndi ya ndale. Iye mwini pa za tsankho sankalankhula poyera kawirikawiri, ndipo azungu ena ankamukonda chifukwa chomwecho.

Apa mpamene nkhaniyi ikutikhudza ife mwachindunji. Maphunziro a ntchito zamanja a mtundu wa Tuskegee adali ndi otsutsa ake, wamkulu mwa iwo W.E.B. Du Bois, amene mu 1903 adadzudzula Washington kuti njira yake ingasiye munthu wakuda ali wantchito mpaka kalekale. Mantha akewo sadali opanda pake. Mu 1924 gulu la Phelps-Stokes, momwe mudali Dr James Aggrey wa ku Gold Coast, lidayendera Nyasaland likulimbikitsa maphunziro otengera ku sukulu za anthu akuda za kummwera kwa America, ndipo zotsatira zake zina ndi sukulu ya Jeanes imene idatsegulidwa ku Domasi kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Atsamunda adaikonda mfundo ya khasu ndi macheka, koma sekondale yoyamba m'dziko muno idadikira mpaka cha m'ma 1940. N'chifukwa chake makolo athu ankati mwana akagwira khasu kusukulu ndiye kuti akumupusitsa, maphunziro enieni ndi a buku ndi tayi. Ife tidaonjezera pamenepo posandutsa munda wa sukulu kukhala malo a chibalo cha ochedwa ndi olongolola.

Koma Carver sadali kuphunzitsa khasu lopanda mutu. Adali munthu wa madigiri awiri, wodziwa maina a zomera ndi matenda ake, ndipo dothi ankaligwiritsa ophunzira kuti afunse mafunso, ayeze, afananitse, apeze chifukwa. Mwana wotumidwa kupalira munda wa aphunzitsi akugwira ganyu yaulere. Mwana amene wapatsidwa mizere iwiri, wina wa manyowa wina wopanda, n'kuuzidwa kuti aziyeza msinkhu wa chimanga sabata iliyonse n'kudzafotokoza kusiyana kwake, ameneyo akuchita sayansi, ngakhale khasu lake ndi lomwelo.

Aphunzitsi athu mfundoyi amaidziwa, kukoleji amaiphunzira m'dzina loti TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalopo. Chovuta n'choti kalasi ikadzadza, silabasi ikatalika, mayeso akayandikira, choko ndiye chimapambana. Sindikunena kuti boma lisamange malabotale ayi. Carver yemweyo adalimbana ndi Washington zaka zambiri kufuna labotale yeniyeni, ndipo pali zinthu zimene botolo la kudzala silingachite. Makolo ndi ophunzira apitirize kufunsa kuti ndalama za zipangizo zikupita kuti. Koma podikira yankho, mwana wa Fomu 1 sadikira, akukula. Mabatire akutha, mababu a tochi, mawaya a wailesi yakufa, mabotolo apulasitiki, mandimu, phulusa, sopo, madzi a maluwa ofiira oyezera asidi, zonsezi zili mumsika momwe ambiri a inu mukuwerengera nyuzi ino. William Kamkwamba wa ku Kasungu adapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola komanso buku la mulaibulale, atasiya sukulu chifukwa cha fizi. Funso n'loti, n'chifukwa chiyani zotere zimachitika mwana akachoka m'kalasi, osati ali m'kalasimo?

Carver sadakwatire, ankavala jekete yakale yokhala ndi duwa pachifuwa, ndipo za malipiro sankazilabadira. Chakumapeto kwa moyo wake adapereka ndalama zimene adasunga, pafupifupi madola 60,000, kuti zipitirize kafukufuku pa Tuskegee. Atagwa pa masitepe thanzi lake lidafooka, ndipo adamwalira pa 5 Januwale 1943, n'kuikidwa pafupi ndi manda a Booker T. Washington, bwana wake amene ankakangana naye uja. Chaka chomwecho boma la America lidavomereza kuti malo amene adabadwira ku Missouri akhale chikumbutso cha dziko, ulemu umene munthu wakuda adali asadalandirepo.

Pempho langa ndi laling'ono. Inu okonza mawailesi ndi mafoni, owotcherera zitsulo, osoka zidebe, amakanika a m'mbali mwa msewu, pasukulu ya mwana wanu pali mphunzitsi wa sayansi amene akujambula pabolodi zinthu zimene inu mumazigwira tsiku ndi tsiku. Mukamuone, mumupatseko zakutha zimene mukadataya, kapena mulole ana adzaime pa benchi yanu ola limodzi. Ndipo inu ophunzira, mukaphunzira chinthu sabata ino, musagone musadafunse kuti kodi chimenechi ndingachione kuti ndi maso anga. Ine ndidachedwa kufunsa, mpaka adachita kundiphunzitsa mayi wa kachasu.